Rekoda yajambula koma mawu akukana kukhala WAV: poyambira kufufuza

Vutoli lili ndi nyengo zake muno mu Mzuzu. Ophunzira a ku Mzuni akabwerako kokachita kafukufuku ku Ekwendeni, ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay, amafika ndi rekoda yodzaza mawu a anthu, pomwe aphunzitsi awo akufuna mafayilo a WAV oti alowe mu ELAN kapena Praat, mapulogalamu ounikira zolankhula. Atolankhani amakumana nalo akafika ku situdiyo ndi mawu a kumsonkhano, kompyuta youlutsira n'kuwakana. Alembi a mipingo nawonso amabwera nalo, makamaka amene anagula rekoda yogwirapo kale ntchito, yopanda CD yake. Zoyambitsa zake sizichuluka. Ndaziika motsata chimene mukuona kapena kumva, ndipo pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri.

## Musanakhudze kanthu

- Koperani mafayilo onse a mu rekoda muwaike mu foda ya pa kompyuta, kenaka muwakoperenso mu fulashi ina. Zonse zimene mukuyesa muziyesera pa kope. Fayilo yoyambirira isasinthidwe dzina, isadulidwe, isafufutidwe, ngakhale WAV itatuluka bwino.
- Onetsani mathero a mayina a mafayilo. Windows imawabisa. Mu File Explorer pitani pa View, chongani File name extensions. Pa Windows 11 zili pansi pa Show.
- Ikani MediaInfo. Ndi yaulere, ndi yaing'ono, ndipo imakuuzani chimene chili m'kati mwa fayilo.
- Ngati magetsi akuthimathima, sinthirani pa laputopu yokhala ndi moto wokwanira. Kompyuta ikazima ntchito ili pakati, WAV imatuluka yoduka koma dzina lake limaoneka ngati zonse zili bwino.

Chimene chimasocheretsa anthu ambiri n'chakuti dzina la fayilo silinena zonse. WAV ndi chotengera chabe, chimene Microsoft ndi IBM anakhazikitsa mu 1991. Chigubu cholembedwa mafuta ophikira chikhoza kukhala ndi parafini m'kati, ndipo .wav nayo ikhoza kusunga mawu ofinyidwa m'njira zosiyanasiyana. Munthu akakuuzani kuti akufuna WAV, pafupifupi nthawi zonse amatanthauza WAV ya PCM, ya mawu osafinyidwa, ya 16-bit. Imeneyi ndiyo imatseguka paliponse.

Sankhani sample rate, kutanthauza kuchuluka kwa nthawi zimene mawu amayezedwa pa sekondi imodzi, malinga ndi kumene mawu akupita. Ya 44100 Hz ndi ya pa CD ndipo imakwanira ntchito zambiri. Ya 48000 Hz ndi ya mawu opita mu kanema. Ya 16000 Hz ndi imene mapulogalamu ambiri osandutsa mawu kukhala zolemba amafuna. Ngati ndi za pa wailesi, funsani wa ku situdiyo musanayambe. Mawu a munthu mmodzi kapena awiri amakwanira mu mono, ya mbali imodzi, osati stereo ya mbali ziwiri.

Njira zosinthira zimene ndimadalira ndi zitatu, zonse zaulere ndipo sizifuna intaneti mukaziika. Mu Audacity mumatsegula fayilo, kupita pa File, Export Audio, kusankha WAV ndi Signed 16-bit PCM. Mu VLC mumapita pa Media, Convert / Save, n'kusankha Audio - CD. Pa FFmpeg mumalemba mzere umodzi mu Command Prompt, pa mawu.wma n'kuikapo dzina la fayilo yanu:

`ffmpeg -i mawu.wma -c:a pcm_s16le -ar 44100 -ac 1 mawu.wav`

## Kompyuta siikuona mafayilo a mu rekoda

1. Chingwe n'chotchajira chokha. Zingwe zambiri za USB zotchipa zilibe mawaya otumizira data. Rekoda imayaka, kompyuta osaonetsa kanthu. Yesani chingwe chimene mukudziwa kuti chimatumiza zithunzi kuchokera mu foni.
2. Rekoda ikudikira kuti musankhe. Rekoda ya Zoom imafunsa ngati mukufuna Card Reader kapena Audio I/F, ndipo yofunika ndi Card Reader. Pa Olympus, mu zosankha za USB, ikani Storage.
3. Mukuyang'ana malo olakwika. Rekoda yokhala ndi memori yakeyake komanso khadi imaoneka ngati ma drive awiri. Mafayilo amakhala m'mafoda a m'kati, monga FOLDER_A pa Olympus kapena FOLDER01 pa Sony ndi Zoom. Tsegulani onse.
4. Vayirasi ya mashotikati. Khadi likadutsa m'makompyuta a kosindikizira mapepala, mafoda amabisika n'kutsala mashotikati okhaokha. Musawadine. Yeretsani ndi antivirus, kenaka mu Command Prompt lembani `attrib -h -r -s /s /d E:\*.*` ndipo m'malo mwa E muike chilembo cha khadi lanu.
5. Rekoda ndi yakale kwambiri ndipo imafuna pulogalamu ya kampani yake kuti ilankhulane ndi kompyuta. Ngati ili ndi khadi, litulutseni muliwerenge ndi card reader.

Windows ikakuuzani kuti khadi liyenera kufomatidwa, dinani Cancel ndipo lekerani pomwepo. Onani gawo lomaliza.

## Fayilo ikukana kutseguka mu pulogalamu yosinthira

Apa ndi pamene anthu ambiri amakakamira, ndipo yankho limadalira mathero a dzina.

Munangosintha dzina. Ichi ndicho chofala kuposa zonse. Kufufuta .m4a n'kulemba .wav sikusintha mawu a m'kati, kumangosokoneza mapulogalamu amene amakhulupirira dzina. Bwezerani dzina lakale. Ngati mwaliiwala, MediaInfo ikuuzani.

Ndi WMA, M4A, AMR kapena 3GP ndipo Audacity ilibe FFmpeg. Marekoda ambiri akale a Olympus amajambula WMA. Mafoni amajambula M4A, ndipo ang'onoang'ono a mabatani nthawi zambiri amajambula AMR. Audacity payokha siiwerenga mitundu imeneyi mpaka mutaikamo FFmpeg n'kuilozera pamene ili, kudzera pa Edit, Preferences, Libraries. Ngati bandulo yanu ndi yochepa, yambani mwayesa VLC, chifukwa imabwera ndi zonse kale. Mavoyisi noti a WhatsApp, amene amathera ndi .opus kapena .ogg, nawonso VLC ndi FFmpeg zimawasintha popanda vuto.

Ndi DSS kapena DS2. Iyi ndi mitundu ya marekoda a m'maofesi a maloya ndi madokotala, a Olympus, Philips ndi Grundig, ndipo inayamba m'zaka za m'ma 1990. DSS wamba FFmpeg imaiwerenga, choncho yesani kaye mzere uja. DS2 ndiyo yovuta, ndipo njira yodalirika ndi pulogalamu ya eni ake: DSS Player kapena ODMS ya Olympus, kapena SpeechExec ya Philips. M'menemo muli posankha kusintha fayilo kukhala WAV. Dziwani kuti kuyambira 2021 marekoda a Olympus ali m'manja mwa OM Digital Solutions, ndiye mapulogalamu ake muwafufuze pansi pa dzina la OM System. DS2 ikhozanso kukhala yokiyidwa ndi pasiwedi. Ikatero palibe pulogalamu imene ingaitsegule popanda pasiwediyo, ndipo woifunsa ndi amene anaitchera rekodayo.

Ndi MSV kapena DVF. Awa ndi a marekoda akale a Sony a ICD. Pulogalamu yake ndi Digital Voice Editor, ndipo imatha kusunga fayilo ngati WAV. Popeza ndi yakale, nthawi zina imayenda bwino pa kompyuta ya Windows yakale kusiyana ndi yatsopano.

Ndi ACT kapena REC. Timarekoda totchipa tooneka ngati cholembera kapena fulashi timachita zimenezi. Yesani FFmpeg. Ikakana, yang'anani m'memori ya rekodayo, chifukwa ena amaikamo kapulogalamu kosinthira.

Zonse zikakanika koma rekoda ikuimba mawuwo bwinobwino, pali njira yakale imene siilephera. Tengani chingwe cha 3.5 mm cha mitu iwiri, mutu wina polowetsa mahedifoni pa rekoda, wina polowetsa mawu pa kompyuta. Dinani Record mu Audacity, Play pa rekoda. Yambani ndi voliyumu yotsika kuti mawu asaphulike. Ola limodzi la mawu limatenga ola lathunthu, koma mawu mwawapulumutsa. Malaputopu ambiri atsopano ali ndi bowo limodzi la mahedifoni ndi maikolofoni, ndiye mungafunike ka USB sound card.

Za mawebusayiti osinthira mafayilo, ine sindimawalimbikitsa pa mawu a anthu. Mukutumiza kwa munthu wosamudziwa mawu a mayi amene anakuuzani za matenda ake atakukhulupirirani, kapena a mfumu imene inalankhula za mkangano wa malo. Ngati munasainitsa anthu fomu yolonjeza chinsinsi, lonjezo limenelo likugwirabe ntchito pa kompyuta, ndipo Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Kuwonjezera apo, kutsitsa WAV ya ola limodzi kumadya bandulo pachabe.

## Dzina ndi .wav kale koma pulogalamu ikuikana

Tsegulani fayilo mu MediaInfo muyang'ane mizere ya Format, Bit depth ndi Sampling rate.

1. Palembedwa ADPCM, 4 bits. Rekoda inafinya mawu kuti memori ikwane maola ambiri. Marekoda otchipa ambiri amatero. Isintheni ndi mzere wa FFmpeg uja, ndipo fayilo yatsopano muipatse dzina lina kuti isafufute yakale. WAV yatsopanoyo ikula pafupifupi kanayi ngati simunasinthe sample rate, ndipo zimenezo n'zoyenera.
2. Palembedwa 24 bits kapena 32 bits float. Marekoda a Zoom ndi Tascam amatha kujambula chonchi, ndipo mapulogalamu akale oulutsira mawu sadziwa kuwerenga. Tsitsani kukhala 16-bit. Pa 32-bit float samalani: mtundu umenewu umasunga mawu okwera kupyola malire osawaphwanya, koma mukausintha mwachindunji amaphwanyika. Tsegulani mu Audacity, pitani pa Effect, Normalize, ikani -1 dB, kenaka mutulutse.
3. Sample rate ndi yachilendo kwa pulogalamuyo, monga 8000, 22050 kapena 96000 Hz. Ikani imene ikufunika pa `-ar`.
4. Palembedwa MPEG Audio kapena AAC. Mwina wina anangosintha dzina, mwina MP3 inaikidwa m'kati mwa WAV. Mankhwala ake ndi omwewo, kusintha kukhala PCM.
5. Zonse zili bwino, PCM, 16 bits, koma chipangizo chikukanabe. FFmpeg imalemba kachidziwitso kena kumutu kwa fayilo, ndipo zipangizo zina zakale zimapunthwa pamenepo. Onjezani `-map_metadata -1 -fflags +bitexact` dzina la fayilo yotuluka lisanafike.
6. Dzina lenilenilo ndilo vuto. Mapulogalamu ena akale sagwirizana ndi zilembo monga ŵ kapena kachizindikiro ka mu Kaning'ina. Lembani dzina lalifupi la zilembo wamba ndi manambala.

## WAV yatuluka koma kuli chete, kapena khutu limodzi lokha likumva

Yambani mwayang'ana mafunde mu Audacity. Ngati mafunde akuoneka koma simukumva, vuto lili pa masipika kapena pa chipangizo chimene kompyuta yasankha kutulutsira mawu, osati pa fayilo.

- Maikolofoni inali ya mono, rekoda inali pa stereo. Mawu analowa kumanzere kokha. Mu Audacity dinani dzina la track, sankhani Split Stereo to Mono, fufutani mbali yopanda kanthu, tulutsani yotsalayo. Mu FFmpeg, m'malo mwa `-ac 1` ikani `-af "pan=mono|c0=c0"` ngati mawu ali kumanzere, kapena `c0=c1` ngati ali kumanja.
- Pa stereo zikumveka, mukasandutsa mono mawu akuzimiririka. Izi zimachitika kwambiri kwa ojambula kuchokera pa mixer ya kutchalitchi kapena ya pamsonkhano ndi chingwe chowotcherera pamanja. Mbali ziwirizo zimakhala ndi mafunde otsutsana, ndiye mukaziphatikiza zimafafanizana. Musaziphatikize, tengani mbali imodzi monga pamwambapa.
- Mzere ndi wowongoka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mvetserani fayilo yoyambirira pa rekoda yeniyeniyo. Ngati nayonso ili chete, maikolofoni sinalowe bwino kapena inkafuna plug-in power, moto umene rekoda imapereka ku maikolofoni, imene inali yozimitsa. Pamenepo palibe choti musinthe.

## Mawu akuthamanga, akukoka, kapena ndi phokoso lokhalokha

1. Liwiro la choimbira linasinthidwa. Olemba zimene anthu analankhula amatsitsa liwiro mu VLC kapena Express Scribe n'kuiwala kubwezera. Yesani choimbira china musanaimbe mlandu fayilo.
2. Sample rate yawerengedwa molakwika. Mawu a 48000 Hz akaimbidwa ngati a 44100 Hz amakoka ndi kunenepa pang'ono, pafupifupi 8 peresenti. Zikatembenuka amathamanga n'kuonda. Mu Audacity dinani dzina la track, pitani pa Rate, yesani manambala mpaka munthuyo amveke ngati iye mwini. Njira yabwino koposa ndi kubwerera ku fayilo yoyambirira n'kusinthanso.
3. Munagwiritsa ntchito Import Raw Data ya mu Audacity pa fayilo yofinyidwa. MP3, WMA kapena DSS ikalowa mwa njira imeneyi imatulutsa phokoso ngati la wailesi yosagwira siteshoni. Raw Data siiwerenga mitundu imeneyi.
4. Pa Raw Data pomwepo munalakwitsa mbali. Stereo yowerengedwa ngati mono imatalika kawiri, mono yowerengedwa ngati stereo imathamanga kawiri.

Mawu a rekoda ndi kanema wa kamera zikamasiyana pang'onopang'ono pa ulaliki wa maola awiri, kawirikawiri sikuti mwasintha molakwika. Mawotchi a m'kati mwa zipangizo ziwirizo sayenda mofanana ndendende. Zimenezo mumakonza podula ndi kusuntha mu pulogalamu ya kanema.

## Fayilo yaduka, ikuonetsa 0:00, kapena mawu akudumpha

Ili ndilo gawo limene limapweteka, chifukwa mawu ambiri sajambulidwa kawiri. Werengani lonse musanayese kanthu.

Batire linatha rekoda ikujambula. Ichi ndicho choyamba kuchiganizira. Rekoda imalemba kutalika kwa WAV kumutu kwa fayilo mukadina Stop. Ikazima yokha, mawu amakhalamo koma mutu umanena kuti mulibe kanthu. Yang'anani kukula kwa fayilo. Ngati ili ndi ma MB ambiri koma nthawi ikuonetsa 0:00, mwayi ulipo waukulu. Pa kope, yesani kaye:

`ffmpeg -ignore_length 1 -i yoduka.wav -c:a pcm_s16le yokonza.wav`

Ikakana, mu Audacity pitani pa File, Import, Raw Data. Sankhani Signed 16-bit PCM, Little-endian, ndipo mbali ndi sample rate muzitenge pa fayilo ina yabwino ya rekoda yomweyo. Ngati rekoda inali pa 24-bit, sankhani Signed 24-bit PCM, ndipo mukamva phokoso yesani Start offset ya 0, ya 1 ndi ya 2, imodzi mwa izo itulutsa mawu. Kaphokoso ka poyambirira ndi mutu wa fayilo, kaduleni.

Mabatire otchipa a pamsika amagwa mwadzidzidzi, ndipo m'mawa wozizira wa June ndi July kuno amagwa msanga kuposa pamenepo. Pa zokambirana zofunika ikani a alkaline atsopano, ndipo ngati rekoda ili ndi posankha mtundu wa batire, iuzeni zoona, kuti chizindikiro cha moto chisakunamizeni.

Ndi M4A ya pa foni ndipo FFmpeg ikuti moov atom not found. Foni inazima kapena pulogalamu inatsekeka isanamalize kulemba mndandanda wa m'kati mwa fayilo. Raw Data siithandiza pano. Pali pulogalamu yotchedwa untrunc imene imamanganso mndandandawo pogwiritsa ntchito fayilo ina yabwino ya foni yomweyo, koma siipambana nthawi zonse. MP3 ilibe vuto limeneli, ikaduka zimene zinalembedwa zimaimbabe.

Rekoda inagawa fayilo. Marekoda ambiri akafika pa 2 GB kapena 4 GB amayamba fayilo ina okha. Yang'anani nambala yotsatira mu foda yomweyo musanadandaule.

Chodumpha malo achete chinali choyatsa. Sony imachitcha VOR, Olympus imachitcha VCVA. Rekoda imaima anthu akakhala chete, n'kuyambanso akalankhula, ndipo imadya zilembo zoyambirira za mawu. Agogo olankhula motsitsa imawadumpha ziganizo zathunthu. Zimene inadumpha sizinalembedwe, palibe pulogalamu yozibweza. Chizimitseni lero lomwe.

Kukopera kunaduka. Yerekezani kukula kwa fayilo ya mu rekoda ndi ya pa kompyuta. Zikasiyana, koperaninso.

Khadi ndi lachinyengo. Limalembedwa 64 GB pomwe malo enieni ndi ochepa. Mafayilo oyamba amakhala bwino, a pambuyo pake amaoneka mayina okha. Khadi latsopano liyeseni ndi H2testw lisanalowe mu rekoda, lili lopanda kanthu. Kumbukiraninso kuti marekoda ambiri, monga Zoom H1n, salandira khadi loposa 32 GB.

## WAV yakula kwambiri

Si vuto, ndi mmene WAV ilili. Pa 44100 Hz, 16-bit, stereo, mphindi imodzi imadya pafupifupi 10.6 MB, ola limodzi pafupifupi 635 MB. Mono ndi theka lake. Pa 16000 Hz mono ola limodzi ndi pafupifupi 115 MB. Manambala amenewa amathandizanso kufufuza: WAV ya ola limodzi ikakhala 30 MB, mwina si PCM ya 16-bit, mwina yaduka.

- Ikukana kulowa mu fulashi pomwe malo alipo. Fulashi ya FAT32 siilandira fayilo yofika 4 GB. Gawani fayiloyo kapena gwiritsani ntchito fulashi ya exFAT.
- Msonkhano wa tsiku lonse ukudukira panjira. WAV wamba ili ndi malire a 4 GB, omwe pa 44100 Hz stereo ndi pafupifupi maola 6 ndi mphindi 45. Sinthani kukhala mono, kapena gawani m'zigawo za ola limodzi. FFmpeg ili ndi `-rf64 auto` yodutsira malirewo, koma si mapulogalamu onse amene amawerenga fayilo yotero.
- Ikukana kutumizika. Gmail imalekeza pa 25 MB. Pa WhatsApp tumizani ngati Document. Koma nzeru yabwino ndi kutumiza fayilo yoyambirira, yaing'ono ija, wolandirayo akasinthe yekha. WAV yochokera ku MP3 ilibe chimene MP3 ija ilibe. Ngati rekoda inajambula WAV kuyambira pachiyambi, FLAC imaichepetsa pafupifupi ndi theka osataya kanthu, ndipo imabwerera ku WAV ndendende.

## Yasinthika koma mawu sakumveka bwino

Kusintha kukhala WAV sikukonza mawu. Kumangoteteza kuti asaonongekenso pamene mukudula ndi kusunga mobwerezabwereza. Zimene MP3, WMA kapena AMR inataya pojambula zinapita. AMR wamba imajambula pa 8000 Hz, ndiye ngakhale muikweze kufika 48000 Hz imvekabe ngati munthu wa pa foni.

1. Mawu ndi otsika kwambiri. Normalize pa -1 dB. Phokoso la m'chipinda likwera nawo limodzi.
2. Mwasintha kambirimbiri, kuchoka ku WMA kupita ku MP3, kudutsa pa WhatsApp, kenaka WAV. Mawu amamveka ngati a m'madzi. Bwererani ku fayilo ya mu rekoda musinthe kamodzi kokha.
3. Kulira kwa magetsi. Magetsi a kuno ndi a 50 Hz, ndipo kulirako kumalowa mukajambula rekoda ili pa chaja kapena yolumikizidwa ku mixer. Notch Filter ya mu Audacity pa 50 Hz, kenaka 100 ndi 150, imachepetsa.
4. Phokoso losasintha, monga la fani kapena jenereta yakutali. Sankhani kachigawo kopanda olankhula, Noise Reduction, Get Noise Profile, kenaka sankhani fayilo yonse. Yambani pang'ono. Mukanyanya, zilembo monga s ndi f zimatha, ndipo kwa wofufuza katchulidwe ka Chitumbuka kapena Chitonga fayilo yotsukidwa chonchi ilibenso ntchito. Iye mupatseni yosakhudza.
5. Mawu ophulika, mafunde odulidwa pamwamba. Voliyumu yojambulira inali yokwera. Clip Fix imathandiza pamene pawonongeka pang'ono pokha.

Mvula ya pa malata, imene kuno imatha kugwa tsiku lonse, siichotseka bwino ndi pulogalamu wamba chifukwa phokoso lake limadzaza pomwe pali mawu a munthu. Ikayamba mukujambula, sendezani rekoda pafupi ndi pakamwa pa wolankhula, kapena dikirani.

## Mafayilo ndi ambiri, ndipo madeti asokonekera

Kuti musinthe foda yonse nthawi imodzi, tsegulani Command Prompt m'fodamo mulembe:

`for %f in (*.wma) do ffmpeg -i "%f" -c:a pcm_s16le -ar 44100 -ac 1 "%~nf.wav"`

Mu fayilo ya .bat chizindikiro cha % chimalembedwa kawiri. Ngati oyambirira ndi a .wav kale, otuluka apite ku foda ina. Yesani fayilo imodzi kaye, muimvetsere poyamba, pakati ndi pothera, muyerekezenso kutalika kwake ndi yoyambirira.

WAV iliyonse yatsopano imatenga deti la tsiku limene mwaisintha. Marekoda ambiri amatchula mafayilo ndi manambala okha, ndipo wotchi yawo imabwerera m'mbuyo mabatire akachotsedwa nthawi yaitali. Choncho makope anu apatseni mayina okhala ndi deti ndi malo musanasinthe, monga 2025-06-14_Ekwendeni_01, pamene mukukumbukirabe kuti ndi ati. Dzina la munthu wofunsidwa lisalembedwe pa fayilo.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa katswiri

Lekani kuyesa, tulutsani khadi mu rekoda, ndipo musajambulirenso pamenepo ngati:

- kompyuta kapena rekoda ikupempha kufomata;
- fayilo ikuonetsa 0 KB, kapena inafufutidwa mwangozi;
- khadi likuonekera n'kusowa, likutentha, lasweka kapena lapindika;
- rekoda inanyowa. Chotsani mabatire nthawi yomweyo ndipo musaiyatse kuti muone ngati ikugwira;
- mawuwo ndi umboni wopita kupolisi, kukhoti kapena ku komiti yoweruza nkhani za pantchito. Musadule, musatsuke, musasinthe dzina. Funsani loya kapena wofufuza mlanduwo mmene akufunira kuti aperekedwe, ndipo rekoda ndi khadi zisungidwe mmene zilili;
- mawuwo sangapezekenso, monga a munthu amene anatisiya, ndipo njira zoyesera pa kope zakanika.

Chilichonse chimene chalembedwa pa khadi pambuyo pa ngozi chikhoza kugwera pamwamba pa mawu amene mukufuna. N'chifukwa chake chkdsk ndi batani la Scan and fix la Windows si zoyamba kuthamangira, popeza zimalemba pa khadi lomwelo. PhotoRec ndi Recuva zimabweza mafayilo ofufutidwa, koma zobwezedwazo zisungidwe pa kompyuta, osati pa khadilo, ndipo ngati khadi likuonetsa zizindikiro zowonongeka asiyireni odziwa.

Wokonza mafoni ndi wobweza data ndi anthu awiri osiyana, ngakhale nthawi zina amakhala pa benchi imodzi. Musanapereke khadi, mufunseni ngati ayamba wakopera khadi lonse kukhala image n'kugwirira ntchito pa kopelo. Akayankha kuti angolifomata kenaka abweze mafayilo, tengani khadi lanu. Ophunzira ayambire ku ofesi ya ICT ya pasukulu pawo, atolankhani kwa mainjiniya a ku situdiyo. Popita tengani rekoda yeniyeniyo, chingwe chake, fayilo imodzi yabwino yojambulidwa ndi rekoda yomweyo pa zosankha zomwezo, ndi pepala lolemba zonse zimene mwayesa kale motsatana. Ngati muli mawu achinsinsi, gwirizanani kuti ntchito ichitike inu mulipo ndipo makope onse afufutidwe pa kompyuta yake musanachoke.